Pamzere Kumbuyo kwa Mphwanga

Kuwerengera ndi zala ndinamuphunzitsa ndine. Mawu amenewa ndimawaponya nthawi zonse anthu a ku Insaca akayamba kutama mphwanga, ndipo mkazi wanga amati ndimawanena ngati munthu amene anamubera mbuzi. Pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, iye anali asanabadwe n'komwe. Bambo atamwalira, ine ndinalowa uphunzitsi wa masamu kuti moto usazime pakhomo, iye n'kumapitirira ndi sukulu. Anafika ku yunivesite, kenako anapata bolusa, thandizo la ndalama za sukulu, yokachita mesitiradu, digiri yachiwiri, kunja. Anthu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma palibe amene amafunsa za ng'ona yotsala kulondera dziwelo.

Mayi akafunsidwa zimene mwana wawo amaphunzira, amangoti za makina. Tsoka langa n'lakuti ine ndimazimvetsa. Kumeneko kuli chipinda chozizira chodzaza makompyuta olumikizana, ndipo luso lake ndi kuduladula funso limodzi lalikulu kuti kompyuta iliyonse isenze kachidutswa kake, zonse pa nthawi imodzi. Iye amawerengera mvula: ikagwa yochuluka mwakuti kumtunda, madzi a m'nyanja za Chiuta ndi Amaramba adzalowa m'minda ya yani. Akanakhala kuti amaphunzira zopanda pake, bwenzi mtima wanga uli m'malo.

Chaka chatha anandiimbira foni.

"Achimwene, tikuyambitsa maphunziro aafupi a pa intaneti, a aphunzitsi. Ndakulembetsani."

"Wophunzitsa ndani?"

Anayamba watsokomola. "Mbali ina ndine."

Ndinavomera, chifukwa kukana kukanandiulula. Ndinkalowa masana ana akaweruka, m'chipinda cha aphunzitsi, foni nditaitsamiritsa pawindo pomwe netiweki imagwira. Anzanga a m'kalasimo, ena a imvi, ankamuitana kuti pulofesoro. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ndi malaya anga. Ankaphunzitsa bwino, ndipo zimenezo zinkandiwawa.

Ntchito yoyamba inali yachibwana: kulemba kapulogalamu kouza kompyuta iliyonse ya m'chipinda chozizira chija kuti ipereke moni ndi kutchula nambala yake. Ena analemba m'Chipwitikizi, ine ndinalemba "Moni". Koma makina amenewo salowedwa ngati m'nyumba mwako. Ntchito ukaitumiza imakaima pamzere, monga matumba a chimanga kuchigayo. Yanga nditaitumiza, ndinaona mzerewo pa kompyuta ya pasukulu pathu. Pamwamba panali ntchito ya mvula ya mphwanga, itatambalala pa makina pafupifupi onse. Pansi pake panali kanga, kakudikira.

Kwathu mng'ono sasamba m'manja mkulu asanasambe. Ndinadikira masana amenewo, mawa lakenso ndinapeza zili pomwepo. Nditadandaula kunyumba, mkazi wanga sanasiye n'komwe kusenda chinangwa.

"Abambo, kodi makinawo anauzidwa kuti woyamba kubadwa ndinu?"

Tsiku lotsatira ndinamuimbira mnyamatayo. Ndinalankhula moseka, koma minga inali momwemo.

"Iwe, masiku ano akulu timaima kumbuyo kwa ana eti? Palibe kanthu, ife akumudzi kudikira tinazolowera."

"Pepani achimwene, sindinaone."

Ndisanaike foni pansi, ntchito yake inazimiririka pamzere. Yanga inalowa n'kutha ndisanameze malovu. Kompyuta yonse inadzaza ndi moni, mzere pa mzere, makina a dziko limene sindinapondeko akundilonjera m'chinenero cha mayi anga. Analibe mwambo: wa nambala yaikulu ankalankhula wa nambala yaing'ono asanatsegule pakamwa. Sindinama, ndinasangalala. Ndinaitana mphunzitsi mnzanga wa mbiri yakale kuti adzaone, ngakhale sanamvepo kanthu.

Chisangalalocho sichinafike patali. Pa phunziro lotsatira panabwera mayi wina amene ankaphunzitsa limodzi ndi mphwanga. Anatipepesa kuti zotsatira za mvula zimene anatilonjeza kutionetsa palibe. Ntchitoyo inaimitsidwa ili pakati, yabwerera kumchira kwa mzere, ndipo pulofesoro wawo weniweni sanakondwe, poti dzinja linali pafupi. Sanatchule chifukwa. Mphwanga analipo, nkhope yake ikuoneka pakona ya kompyuta, akuyang'ana pansi ngati wolakwa ndi iyeyo.

Nkhani ya m'nyumba siichedwa kutuluka. Mkazi wanga anaifikitsa kwa mayi, ndipo Lamlungu pobwera kutchalitchi mayi anali ataigawira kale mudzi wonse. Anandiimitsa pamsewu, shapa yonyamula anthu ikutithira fumbi podutsa.

"Wamva zimene wachita mng'ono wako? Kuimitsa makina a azungu kuti mkulu wake adutse. Mwana uja sukulu sinamuwononge."

Ndinati indedi mayi.

Zaka zonsezi ndinali ndi kachiyembekezo kamodzi, kobisa: kuti tsiku lina adzatukumuka, adzaiwala kwawo, ine ndidzapeze pomudera. Iye akhale ndi makina, ine ndikhale ndi khalidwe, tigawane choncho. Tsopano anatenga zonse ziwiri, ndipo chachiwiricho ndinachita kumupatsa ndekha pa foni.

Maphunzirowo ndinawamaliza, ndipo ntchito zanga zotsatira zinkadikira pamzere ine osatsegula pakamwa. Chithunzi cha moni uja chikadali m'foni mwanga. Makina onse aja anandilonjera, koma mpaka lero sindinayankhe.