Tebulo la Timahatchi Tothyoka

Amuna anga anali dokotala wa mahatchi osapuma mpweya. Masana anali injiniya kokonza masitima, munthu wolemekezeka, dikoni pampingo wathu. Koma akafika kunyumba kwathu ku Springburn, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, n'kudya, ankalowa m'kachipinda ka kumapeto n'kukhalira timahatchi ta pulasitiki, tina tawo, tambiri ta eni ake. Kothyoka mwendo, koduka khutu, kosupuka penti pamsana, tonse tinkathera m'manja mwawo. Ankaboola mwendowo ndi kachitsulo konga singano, kulowetsamo waya, kumata ndi guluu, kukwecha, kenako n'kupaka penti mpaka chilema osaonekanso.

Ine ndinkawaseka mosabisa. Ndinkati, "Bambo a kunyumba, anzanu akuweta ng'ombe kumudzi, inu mukuweta pulasitiki. Pa Khirisimasi tidzapha iti?"

Iwo, osatukula n'komwe mutu, ankangoti, "Zanga sizifuna dibi, mayi."

Bambo awo ankasamala mahatchi a mzungu pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Amuna anga ali mwana ankaloledwa kutungira mahatchiwo madzi ndi kuwachotsera ndowe, koma kukwerapo ayi, ngakhale kamodzi. Ndikuganiza kuti matenda awo anayambira pamenepo.

Kamodzi pachaka, nyengo yotentha, okonda timahatchi amakumana tsiku limodzi muholo ya hotela ina m'tauni. Opanga timahatchiti amatulutsa kahatchi ka chaka chimenecho, towerengeka chabe, kalikonse ndi nambala yake kumimba, akatero chikombole n'kuswa. Sikagulitsidwa kwina kulikonse. Ukakafuna ugule tikiti, ubwere wekha, uime pamzere. Ndipo si ana amene amaima pamzerepo. Ndi anthu a imvi zawo, ena ochokera kuzilumba za kumpoto, ena ku Mangalande. Amuna anga anali ndi tebulo lawo pakona, pomwe ankakonzera anthu timahatchi kwaulere. Tovulala kwambiri ankabwera nato kunyumba n'kukabweza chaka chotsatira. Maina sankalemba. Ankati hatchi iliyonse mwini wake amamudziwa pankhope. Ine sindinapiteko. Loweruka ndi tsiku langa lochapa, ndipo zoti mayi wamkulu ngati ine ndikaime pamzere chifukwa cha chidole, ayi ndithu.

Anamwalira nyengo yozizira. Anagwa pamalo odikirira basi akupita kuntchito, mtima unangoima. Ine anandiuza ndi namwino wa kuchipatala, ndipo kuchokera pamenepo sindinalankhulenso kanthu, chifukwa kwathu namfedwa salankhula. Amayi a mumpingo anatulutsa mipando pabalaza, kuyala matiresi, kundikhazika pakona n'kundifunditsa chitenje. Mkulu wa mpingo ndiye analengeza kutchalitchi. Alamu anga, mlongo wawo wa malemu amene amakhala ku Pollokshields, ndiwo anaimbira abale kumudzi. Kubanki, kuntchito kwawo ndi kumaofesi onse kunapita mwana wathu wamwamuna. Titapita ndi thupi ku Thyolo, ankhoswe ndi amene ankaimirira kunena zonse. Anthu ankafika kwa ine atamva kale, n'kugwada, n'kuti pepani. Ndi mwambo wachifundo, ndipo sindiunyoza. Koma miyezi inadutsa ine ndisananenepo ndi pakamwa panga kwa munthu aliyense kuti amuna anga anamwalira.

Tikiti yawo ya chaka chimenecho inabwera papositi monga mwa nthawi zonse. Tsiku lomwelo ndinatsegula kachipinda kawo, komwe ndinali ndisanalowemo chibwerere kumaliro. Pashelefu panali makatoni a nsapato, ndipo m'kati mwake munali timahatchi ta eni ake, tokonzedwa kale, kalikonse katakulungidwa m'sokosi yawo yakale. Masokosi amene ndinkawafunafuna chaka chonse n'kumanamizira mashini ochapira. Ndinakhala pansi n'kuseka, kenako kusekako kunasanduka zina.

Katundu wa eni ake sungagone naye. Komanso anthu amenewa anali asanamve. Ankaonana ndi amuna anga kamodzi pachaka, sanali pagulu la mpingo, ndipo panalibe wowauza. Ndinaganiza zopita ndekha, ndikabweze timahatchito, ndikanenenso maliro.

Alamu anga atamva anagwira pakamwa. "Alamu, mukufuna kupita ku shoo ya zidole muli m'zakuda? Wina akakujambulani n'kuposita, kumudzi adzati chiyani? Ingozitumizani papositi."

"Nditumizire ndani? Maadiresi anapita nawo achimwene anu."

"Ndiye dikirani Sande ndikuperekezeni. Loweruka ndili pa shifiti, sindingakansele."

"Ndi tsiku limodzi lokha, alamu. Likadutsa ndiye mpaka chaka chamawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Mukatha koma?" Ndinapsa mtima. Ndinati ine ndinalera mwana m'dziko la eni, ndingalephere kunena mawu amodzi?

Loweruka m'mawa ndinalongedza makatoni m'chikwama cha matayala n'kukwera basi. Podutsa pa Sighthill, pomwe anagumula nyumba zosanjikizana zija n'kumanga zatsopano, ndinkayeserera mumtima. Ndikati, pepani, amuna anga anamwalira, hatchi yanu ndi iyi. Mumtima zinkatuluka bwinobwino.

Holoyo inali yodzaza, yonunkhira khofi ndi kapeti yonyowa. Matebulo anayalidwa nsalu zofewa, timahatchi tili ndandanda, ena akutipukuta fumbi ndi timaburashi topakira zodzoladzola. Mzere wa kahatchi ka chaka unazungulira holo mpaka kutulukira pakhomo. Mtsikana wolandira matikiti atawerenga dzina pa tikiti yanga anawala nkhope yonse.

"Ndinu akazi awo! Takhala tikumva za inu. Eni ake ali kuti, akuimika galimoto?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Sanathe kubwera chaka chino."

Sindinakonzekere kunena zimenezo. Zinangotuluka zokha. Mtsikanayo anati pepani, muwapatse moni, n'kundilozera tebulo lawo pakona. Zovala zanga zakuda sizinamuuze kanthu. Ku Glasgow theka la anthu limavala zakuda tsiku lililonse, ngakhale paukwati.

Ndinavula timahatchito masokosi n'kutiimika patebulo. Woyamba kufika anali bambo wina wamkulu thupi, wandevu, mikono yonse yojambulajambula, munthu woti ukakumana naye panjira umagwiritsa chikwama. Anatola kahatchi koyera mosamala ngati dzira, kukatembenuza uku ndi uku, kufunafuna pomwe panathyoka. Sanapapeze. Anaseka mokweza n'kuti, "Mwamuna wanu ndi mfiti, mukamuuze choncho! Ali kuti?"

"Sanathe kubwera chaka chino."

"Palibe vuto," anatero, uku akupisa m'chikwama. Anatulutsa kahatchi kena kakuda, mwendo wakutsogolo uli padera m'kapepala. "Mphaka wanga anakagwetsa. Asathamange nako, ndidzatenga chaka chamawa."

Ndinatambasula manja n'kulandira.

Ukanama kamodzi kachiwiri sikavuta. Aliyense wobwera kudzatenga ankafunsa funso lomwelo, ine n'kuyankha chimodzimodzi, iye n'kusiya kena kothyoka. Ankandionetsa chilema bwinobwino kuti ndikafotokoze molondola: khutu ili, mchira uwu, penti yake ikhale yofiirira koma osati kwambiri, iwo akudziwa. Ine ndinkangogwedeza mutu. Pofika masana, tokonzedwa tonse tinali titapita ndi eni ake, koma tebulo linali lodzaza kuposa m'mawa.

Ndinene zoona, zinkandikoma. Anthuwo ankandiuza za amuna anga ngati za munthu amene wangotuluka pang'ono. Akuti amaimba nyimbo za m'buku akamamata mwendo. Akuti amakana kulipidwa koma keke sakana. Akuti chaka chilichonse amadandaula kuti masokosi awathera ndipo mkazi wawo akadzadziwa adzaona zakuda. Kuyambira tsiku la kuchipatala lija aliyense ankawatchula kuti malemu, motsitsa mawu. Muholo muja anali munthu wamoyo, wokonda keke, ndipo ine ndinali mkazi wapabanja, osati wamasiye. Sindinkafuna kuti zithe. Koma ndikayang'ana mulu wa timiyendo patebulo mantha ankandigwira, ndipo ndinkawakwiyira iwo chifukwa chondisiyira zimenezi, n'kudzikwiyiranso ndekha. Ndinkati wobwera pambuyo pa uyu ndimuuza. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Cha kumasana kunabwera mayi wina wokalamba wa ku Scotland komweko, wamfupi, woyenda ndi chogwirira cha matayala. Pachogwiriracho anapachika jumbo. Anaima patsogolo panga akupumira m'mwamba, n'kutulutsa bokosi latsopano, lomata. M'kati munkaoneka kahatchi kofiirira, ka chipumi choyera.

"Aka ndi kawo," anatero. "Iwo sangachoke patebulo, ndiye chaka chilichonse ndimatenga tikiti yawo pakhomo n'kuwaimira pamzere. Ndaima kuyambira m'mawa, miyendo yanga yatupa ngati mabuledi. Akuti sanabwere. Akudwala?"

Ndinaweramitsa mutu. Ananditenga ngati ndavomera.

"Ndinadziwa. Munthu ameneyu sangajombe popanda chifukwa. Muwaimbire, mwana wanga, ndingowapatsa moni, ndiwauze nambala imene apeza chaka chino. Asangalala."

Anaima n'kumadikira, akumwetulira, dzanja atalitambasula kuti ndimupatse foni. Ndinacheuka kumbuyo. Sindikudziwa kuti ndinkayembekezera ndani, kaya mkulu wa mpingo, kaya alamu anga, kaya ankhoswe. Kunali khoma ndi chozimitsira moto.

"Mayi," ndinatero, "sindingawaimbire. Anamwalira."

Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. Ndinanenanso kachiwiri, ngati ndikuuza wina amene akutsutsa. Ndinanena za pabasi, za mtima, za ku Thyolo. Mayiyo anatembenuza chogwirira chake n'kukhalapo. Kenako anayang'ana timahatchi tothyoka tili mbwee patebulo, n'kundiyang'ana ine.

"Ndipo wakhala pano wekha kuyambira m'mawa, ukulandira zimenezi?"

Ndinavomera ndi mutu. Sanandidzudzule. Anandigwira dzanja, zala zake zozizira, n'kuti, "Khala pompo." Anadzuka movutikira n'kuyamba kuyenda tebulo ndi tebulo. Ndinkamuona akuwerama, akunong'oneza, munthu n'kugwira pakamwa, n'kucheukira kwa ine. Phokoso la muholo linayamba kutsika kuchokera kukona kwathu mpaka kukafika pakhomo, monga imalekera mvula padenga la malata.

Anthuwo sanaimbe nyimbo, sanagwade, sadziwa zimenezo. Anangobwera mmodzimmodzi, mwamanyazi, ngati iwo ndiwo alakwa. Aliyense ankandigwira dzanja, kunena mawu awiri atatu, kenako n'kufunafuna kahatchi kake pamulu paja. Ankatola ndi kapepala ka mwendo, kapena ka khutu, n'kubweza m'chikwama momwe anakatulutsa. Ena ankapepesa chifukwa chondisenzetsa. Ine ndinkafuna kuwauza kuti siyani, musatenge, koma ndikanatisiyira ndani? Ku Thyolo ndinalira pakati pa anthu ambiri, ondigwira uku ndi uku, ndipo zinali ngati zikuchitikira munthu wina. Apa ndinkaona ndi maso anga ntchito ikuchotsedwa pamaso pa amuna anga, kamodzikamodzi, chifukwa sadzaigwiranso. Ndinalira mokweza, kulira kwa kwathu, muholo ya hotela, ndipo palibe amene anandiletsa.

Womaliza anali bambo wandevu uja. Anaima patali mpaka onse atachoka, maso ali psuu. Anatola kahatchi kake kakuda ndi kapepala ka mwendo, n'kutsala chiimire, akuyesa kulumikiza mwendowo pamalo pake ndi zala zake zikuluzikulu. Unkangogwa.

"Pepani mayi, si nthawi yake yofunsa zimenezi," anatero motsitsa mawu. "Koma mwina mukudziwa wina amene angathe kukonza ngati mmene ankachitira iwo?"

Ndinamuuza kuti ayi, sindikudziwa wina aliyense.