Timabowo ta Pamimba pa Achimwene

Pa Ulongwe palibe anandipambanapo pa mkangano. Wogulitsa nandolo akangondiona amatsitsa yekha mtengo ndisanayasamule. Choncho tsiku loika achimwene ndinadzuka kusanache, pansi pa mtengo wa mango pomwe tinagona amuna, ndili wotsimikiza kuti dzuwa lisanalowe alamu a ku Utale ndiwatseka pakamwa.

A ku Utalewo ndi alongo awo a akazi a achimwene. Tinayambana madokotala atapeza khansa mu impso ya achimwene. Anati impsoyo ichotsedwe pamodzi ndi kanjira kake ka mkodzo, ndipo njira zinali ziwiri: kung'amba bala lalikulu m'nthiti, kapena kuboola timabowo pamimba n'kulowetsa kamera ndi tizitsulo. A ku Utale ankati ang'ambe, dokotala aone zonse ndi maso ake. Ine ndinati munthu si mbuzi ya pa Idi. Timabowo timapola msanga, munthu n'kubwerera kumunda. Ndinanenerera ngati ndili pamsika, zanga zinapita. Achimwene anadzuka, analimako dzinja limodzi, kenako nthenda inatulukira m'mapapo. Dokotala anati ikanatha kubwerera ngakhale akanang'amba. Mawu amenewo ku Utale sanafike. Kunafika akuti ine ndinapha m'bale wanga pokonda zachizungu.

Kunacha ndi kutentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Utsi wa kumene amayi ankaphikira unangoima pabwalo n'kumatiwawa m'maso. Anthu anayamba kufika, a ku Nsanama pa njinga za kabaza, ena pa lole. Ambiri ndinawadyerapo pamsika. Ankandipatsa dzanja maso ali kumbali.

Shehe anandiitana kuti ndikathandize kusambitsa thupi. Mumtima ndinati umboni wanga ndi umenewu: ndikaona mmene timabowo tija tinapolera, ndikauza gulu lonse. A ku Utale ndi a Katolika, anatsala panja. Tisanathire madzi, shehe anandiyang'ana ine, osati enawo.

"Zimene maso aone muno zipita kumanda ndi mwini wake."

Lamulo limeneli ndinalidziwa ndili mwana, koma ndinali nditaliiwala ngati mtengo wa dzulo. Tinasambitsa, tinakulunga m'sanda. Zimene ndinaona sindikuuzani ngakhale inu.

Potuluka ndinapeza a ku Utale atandidikirira pakhomo.

"Mwationa timabowo tanu, alamu? N'tokongola eti?"

Yankho linafika pammero pomwe. Ndinalimeza, n'kungoti:

"Tiyeni tikanyamule, alamu."

Itatha swala ya masana kumzikiti tinanyamula jeneza, chithatha cha maliro. Azimayi anatsala pabwalo, kulira kwawo kunatiperekeza mpaka kudambo. Kwathu kuno jeneza siichedwa, imathamanga paphewa ndi paphewa. Penapake ndinapezeka ndili mbali imodzi ndi a ku Utale. Iwo ndi aatali, choncho kulemera konse kunatsamira kwa ine wamfupi. Ngakhale pamenepo anandidyera. Kumanda nthaka inali gwa ngati njerwa yootcha, ndipo fumbi la dothi lomwe tinakwirira linabwerera m'kamwa mwathu.

Madzulo nyumba inali zii. Mikeka inali itapindidwa, pabwalo pangotsala phulusa ndi nkhuku. Akazi a achimwene anali khale pansi pabalaza, atatsamira khoma. Chiyambireni kubwerera kwa matenda anali asanandiyankhule. Ndinagwada chapatali, ndinayamba ndi mawu anga ofewa aja ogulira malonda.

"Alamu, pajatu dokotala uja ananena kuti..."

"Iyayi, alamu, zimenezo zisiyeni." Sanakweze mawu. "Inu ndi achimwene anga munkakangana pakhonde apo masiku onse aja. Eni ake thupi ali gone m'chipinda umu, akumva zonse."

"Nanga iwo ankafuna njira iti?"

"Lero ndiye mukufunsa?"

Panja a ku Utale anali khale pa njerwa, chipewa chili pabondo, nawonso atamva zonse. Sitinayang'anane. Inu amene mukuwerenga, tandiuzani: pa awirife, anapambana ndani?