Mgolo Wanga ndi Maliro a M'mudzi

Chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata, zipani zitangochuluka kumene, mjigo wa m'mudzi mwathu ku Kapondo unali utafa. Tinkamwa madzi a pachitsime cha kudambo, omwe mvula ikagwa ankasanduka matope. Mwana wanga woyamba anali akukwawa, ndipo mimba yake sinkagwirizana nawo. Sabata ino ali bwino, yamawa akutsekula.

Ndinagulitsa mtedza wanga wonse, ndi wambewu womwe, n'kukagula mgolo pagolosale ina ku boma. Unachokera ku Zambia, munali mafuta ophikira. Ndinautsuka ndi phulusa mpaka manja kusupuka. Bambo a mwana anapinda lata lotsala kukhala ngati ngalande, n'kulimangirira kudenga ndi waya. Mvula yoyamba ndinaisiya ipite ndi fumbi ndi zitosi zake. Yachiwiri inadzaza mgolo. Mwana uja anayamba kumwa madzi amenewo, mimba n'kukhazikika.

Chimene sindinaganizire n'chakuti mgolo m'mudzi sukhala wa munthu mmodzi. Zaka zimenezo maliro sankatha. Mmawa wina mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, anafika ndi anzake.

"Alamu, tabwerera chimgolo chija. Kusiwa kulibe pophikira thobwa."

"Mulitu madzi a mwana m'menemo."

"Iii, alamu, mvula yatha kumwambaku? Ibweranso."

Ndinadzaza ndowa zanga ziwiri, otsalawo anakhuthulira pansi ine ndikuona, n'kuugubuduza. Za maliro sukana. Ukakana lero, tsiku lako adzakukumbira ndani?

Unkabwera patapita masiku, wakuda bii ndi mwaye, wophwanyika m'mbali. Masiku amenewo mvula inkangogwera pansi, kukumba dzenje pakhoma. Ndikautsuka n'kudzaza, kwinanso kwalira. Nthawi ina unachoka mvula itatsala pang'ono kudula. Ng'amba itayamba ndinabwerera kudambo, ndipo sabata isanathe ndinali pamsewu wa kuchipatala, mwana kumbuyo ali lefu.

Chaka chachiwiri moto unaudya pansi. Wokhoma zidebe anausuzumira n'kupukusa mutu.

"Mayi, ndikhome pati? Palitu dzimbiri lokhalokha apa."

Kugula wina watsopano sitikanatha, ndalama ya fodya inali itapita ku feteleza. Mmisiri amene ankamanga tchalitchi anandipatsa simenti yotsala, ine n'kumupatsa nkhuku. Ndinasakaniza ndi mchenga, n'kuthira m'kati mwa mgolo, pansi pake, pomwe unaima pomwepo. Madzi olowamo anachepa, koma kudontha kunatha.

Maliro otsatira mlamu anabweranso. Anaukankha, osasuntha. Anaitana mnzake, osasuntha.

"Alamu, mwamangamo chiliza kodi?"

"Ndimangomata chibowo."

Anapita akuseka. Ine mumtima ndinati basi, ndapuma.

Dzuwa lisanafike pamutu, amayi a kusiwa anatulukira ndi ndowa zawo, mzere. Amenewanso sungawakanize, mawa udzaphika nawo pamoto umodzi. Ndinaima pambali, mwana m'manja, kumva ndowa ikukhula simenti ija.

Kuyambira pamenepo mvula ikagwa ndinkayamba ndadzaza mtsuko waukulu, n'kuukokera kuchipinda, kuseri kwa chitseko. Kuchipinda kwa mwini mlendo salowako. Amenewo anali a mwana yekha. Ife akuluakulu tinkamwa a kudambo, matewera ndinkachapira komweko, msana ukundiwawa monga kale.