Utomoni wa Fodya pa Foni ya Enelesi

"Kodi Gladness anandiposa chiyani?"

Enelesi anafunsa ali pakhonde kwa amalume ake ku Santhe. Amalumewo anangopitiriza kupopa njinga.

Iye ndi Gladness anamaliza limodzi maphunziro a makompyuta. Gladness anapita ku Lilongwe n'kupanga pulogalamu ya pafoni yoti anthu a muofesi azitumizirana mauthenga. Tsiku ndi tsiku ankaika zithunzi: mpando wozungulira, kapu ya khofi. Enelesi ankaziona zonse, n'kumazikulitsa ndi zala, mtima ukuwawa.

"Ukatopa nako kumudziko ubwere, mnzanga," anatero Gladness tsiku lina. "Tikusowa woyankha mafoni."

Enelesi naye anali ndi pulogalamu yake, yoti kapitawo wa pa esiteti azitumizira mauthenga matenanti ake. A Levison, kapitawo wa esiteti yapafupi, anavomera kuiyesa mpaka fodya atatha m'munda. Ikakanika, Enelesi anali atatsala ndi njira imodzi: kukwera minibasi kukayankha mafoni a Gladness.

Tenanti aliyense amene Enelesi ankamufunsa za pulogalamuyo ankati, "Ndi yabwino, achemwali." Koma mauthenga sankatsegulidwa. Kwathu kuno mwana wa eni ake sitimuuza pamaso kuti chinthu chake n'chosathandiza.

Analeka kufunsa. Anamanga chitenje n'kulowa nawo m'munda kukathyola fodya. Dzuwa litakwera, foni inalira: chithunzi china cha Gladness. Anafuna achione pompo, monga mwa chizolowezi. Koma zala zinali bii ndi utomoni wa fodya. Anadina, foni osamva. Anapukuta, galasi linangoderatu.

"Asiyeni abambowo, aimbanso madzulo," anaseka mayi Feliya, a mzere woyandikana ndi wake.

Enelesi anaima n'kuyang'ana manja a onse m'mundamo. Anali ngati akewo. Nthawi imene uthenga umafunika ndi yomweyo imene munthu sangagwire foni.

Anayambiranso. Anachotsa zolemba zonse. Pa chigafa chilichonse choumitsiramo fodya anapachika foni yamabatani yolankhula yokha mokweza. Masana ena mitambo itada, mawu a kapitawo anamveka m'zigafa zonse: "Lowetsani fodya, mvula ili pafupi." Palibe tsamba ngakhale limodzi limene linanyowa. Sabata isanathe, makapitawo a ku Wimbe anafika panjinga kudzafunsa ngati angaikiridwe nawo.

Inu amene mumagona mukuona zithunzi za anzanu, musataye mtima. Nsanje tonse tili nayo. Inyamuleni, mupite nayo kumene kuli anthu amene mukufuna kuwathandizawo, manja akade.

Mbiri inafika ku Lilongwe. Gladness anaimba, mawu ali ofewa.

"Ndamva zako, mnzanga. Bwera kuno tiphatikize ntchito. Mpando wako ulipo kale."

Enelesi anayang'ana zikhadabo zake, zimene sopo anali atazilephera.

"Sindibwera," anatero. "Ubwere ndiwe, Loweruka. Utenge chitenje chakale."