Mipando Yobwereka

Fungo la dothi lozirira nyumba limandibwezera ku Lifuwu, chilimwe chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Kunkatentha mpaka mankhusu a mpunga ankanunkha ngati akupserera. Tinkakhala awiri, ine ndi amayi. Bambo anapita ku Joni ndili wakhanda, osabwerako, ndipo amayi ankadalira ganyu m'minda ya mpunga ya eni ake. Fizi ya ku sekondale sitikanaikwanitsa. Chiyembekezo chathu chinali thandizo la boma la ana okhoza bwino a m'mabanja osauka, limene aphunzitsi ankalitcha basale.

Aphunzitsi aakulu anatiuza kuti bwana wa ku boma adzabwera kudzaona pakhomo pathu, atsimikize kuti ndife osowadi. Anati adzabwera pamodzi ndi a tcheyamani a chipani a m'dera lathu.

Amayi atamva sanakhale pansi. Anazira nyumba yonse ndi khonde lomwe. Kenako anapita kwa amayi a Saidi, oyandikana nafe, n'kubwerako ndi mipando iwiri, tebulo, nsalu yoluka maluwa ndi makapu adothi a alendo. Amayi a Saidi anawonjezapo wailesi yopanda mabatire ndi diresi la mwana wawo loti ndivale. "Wallahi, mlendo wa boma sakhala pa mphasa yong'ambika," anatero. Nkhuku yathu imodzi yokhayo, imene inkaikira mazira, inaphedwa. Ndinaima pakhomo n'kumasirira nyumba yathu yomwe, mtima uli mbee.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu, galimoto yawo itayera ndi fumbi. Bwanayo anali wachinyamata, kolala yake itanyowa ndi thukuta. Anayang'ana wailesi ija nthawi yaitali. Atadya anasamba m'manja n'kufunsa, "Mayi, kodi chakudya chimakuvutani pano?"

A tcheyamani anaika fupa m'mbale, n'kutembenukira kwa amayi, amene anagwada pafupi ndi chitseko.

"Ayi bwana, tikudya bwino," anatero amayi. "Boma likutisamala."

Masiku amenewo tinkadya phala la nyenyeswa za mpunga zimene amayi ankasesa kuchigayo. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyang'ana kamodzi ndipo ndinatseka.

Patapita nthawi aphunzitsi aakulu anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso. "Mwanawe, basale yapita kwa wina. Akuti kwanu kuli wailesi." Sukulu zitatsegulidwa, anzanga anakakwera sitima ku Salima, masutikesi ali pamutu. Ine ndinali m'munda wa mwini, matope ali m'mawondo, ndikumenya chitini kupirikitsa mbalame. Amayi ndinkangowayankha ndi mutu, nyengo yonseyo. Iwo sanadzitetezepo ngakhale kamodzi. Patapita zaka ziwiri ndinabwereza Sitandade 8, ndipo ku sekondale ndinapitadi, koma anzanga aja ali pafupi kumaliza.

Ndili mwana ndinkati amayi anagulitsa sukulu yanga chifukwa cha manyazi. Nditakula ndinadziwa kuti zaka zimenezo kutchula njala pamaso pa a tcheyamani kunali kunyoza boma, ndipo onyoza boma ankatengedwa osafunsidwa kuti ana awasiyira yani. Pa mipando ija amayi analakwitsadi, potsata ulemu wa kwathu. Koma yankho lija analisankha atagwada pansi, kuti mawa lake ndidzuke ndikadali ndi amayi.