Adzukulu Ochokera Kutsidya

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene wandisunga mpaka imvi, ndipo anandilola kuona ndi maso anga zimene ndikulembazi.

Mudzi wathu uli m'mapiri a kwa Kanduku, pafupi ndi malire. Kumunsi kwa mudzi kuli kamtsinje, ndipo kutsidya kwake ndi dziko lina. Koma kuyambira kale, anthu a mudzi wa kutsidyako ndiwo adzukulu athu pa maliro. Kukagwa zovuta kwathu, iwo ndiwo amasambitsa thupi, kukumba manda ndi kunyamula bokosi. Zikagwa kwawo, timapita ndife. Munthu sakumba manda a mbale wake. Amenewo ndi manyazi, ngati kuti alibe anthu.

Chaka chimene amayi anga anamwalira, kutsidya kunali chipwirikiti. Misewu inatsekedwa, malole anangondanda pa Mwanza osayenda. Mafuta anasowa, zinthu zinakwera mtengo. Mwana wanga wachisamba, amene amathandiza madalaivala kukonza mapepala a katundu pa malire, anangokhala pakhomo. Ankamvera wailesi tsiku lonse, kenako n'kumatifotokozera chimene chimayambitsa nkhondo. Ankati mayiko amalimbirana njira, mafuta ndi madoko, ndipo dziko lamphamvu masiku ano silichita kuomba mfuti. Limangotseka chipata, mnzake n'kugwada ndi njala. Ine ndinkamuuza kuti Malemba amaloza pafupi kuposa pamenepo, mumtima wa munthu wosirira ndi wamantha. Iye ankangoseka.

Kenako mbuzi zinayamba kusowa m'mudzi. Palibe amene anaona wakuba, koma aliyense anati ndi a kutsidya. Amuna a m'mudzi, mwana wanga ali patsogolo, anagwetsa mtengo n'kuupingasa pa njira yochokera kumtsinje. Anati popeza iwo atitsekera msewu, nafenso titseke.

Amayi anatisiya mkati mwa masiku amenewo. Uthenga unapita kutsidya monga mwa mwambo, koma mtima wanga unali m'mwamba. Kunali kotentha, thupi silikanadikira. Adzukulu akabwezedwa pa mtengo paja, amayi aikidwa ndi ndani?

M'mawa ndinasiya anthu pa siwa n'kutsikira kumeneko. Ndinapeza adzukulu afika kale, amuna ndi makasu, amayi ndi mabeseni, ataima kuseri kwa mtengo, mwana wanga ndi amuna a kwathu atawatchingira mbali ino. Wowatsogolera anali bambo wachikulire woguluka mano, yemwe anakumbanso manda a bambo anga.

"Bwererani, madala," anatero mwana wanga. "Tikumba tokha. Adzukulu a agogo si ndife?"

Mkuluyo anamuyang'ana n'kuseka. "Iwe ndiwe mdzukulu wodya nawo mbatata. Ife ndife adzukulu a dothi. Koma poti wakula, nali khasu." Analiponya mbali yathu. "Kakumbe. Amayi akowa akasambitse okha amayi awo. Ife tikhala pano tizionerera."

Adzukulu amaloledwa kunyoza pa maliro, ndipo palibe amene amawakwiyira. Mayi wina mwa iwo anati, "Timanja tosalala tozolowera zidindoti tikakumba dzenje lofika ngakhale m'mawondo?" Anzake anaseka, ndi amuna ena a kwathu omwe.

Mwana wanga anatola khasu lija n'kungoima nalo. Ine ndinangopemphera chamumtima kwa Iye amene anagumula khoma lolekanitsa anthu.

"Nanga mbuzi zathu?" anafunsa mwana wanga, mawu atatsika.

"Zathunso zikusowa," anayankha mkuluyo. "Kwathu akuti mukuba ndinu. Dzulo anatiletsa kubwera, akuti mukatimenya. Tinawauza kuti akatimenya, akatimenyere pa manda. Mayi amenewa anatisunga pakhonde pawo nthawi imene tinathawa nkhondo, iwe usanabadwe. Tiwaika ndife."

Kenako mwana wanga anabweza khasu ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa wamkulu, n'kuwerama kugwira mtengo. Unali wolemera, sanauthe yekha. Anaugwira a mbali zonse ziwiri n'kuugubuduzira m'tchire.

Amayi tinawaika dzuwa lisanapendeke. Wakuba mbuzi sitinamudziwe mpaka lero, ndipo msewu waukulu unatenga nthawi kuti utsegulidwe, chifukwa za kumeneko zimagamulidwa ndi anthu amene sitidzakumana nawo. Sindinganene kuti mwana wanga ankalakwa pa zimene ankanena za mayiko. Chimene ndinaona n'chakuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mantha ofanana, ndipo wina anayenera kuyamba kuwoloka asakudziwa ngati alandiridwa. Mvula itayamba, kunagwa maliro kutsidya, ndipo mwana wanga anapita nawo okumba popanda womutuma.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu. Akupatseni anansi okhulupirika, achotse mantha pakati pa inu ndi iwo, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa dziko lanu. Ameni.