Malembo Atatu a Manang Luming

Mwezi watha khonsolo ya barangay yathu, kapena kuti mudzi wathu, kuno ku Iloilo, itakambirana mpaka khofi kuzizira, inalengeza kuti tsamba lake la pa intaneti "ndi lotseguka kwa nzika iliyonse, ndipo palibe amene adzatsekedwe pakamwa." A Kapitan, mkulu wa barangay, anasaina. Mlembi anadinda chidindo kawiri, poti koyamba sichinaoneke bwino.

Chigamulo chachikuluchi chinabadwa chifukwa cha Manang Luming.

Iluminada Sarabia, amene timawatcha Manang Luming (kuno "Manang" ndi ulemu wa amayi, "Manong" wa abambo), amakazinga nthochi za shuga pakona ya bwalo la basiketibolo. Dzuwa likamatuluka amatsogolera amayi kuvina zumba pabwalo lomwelo, kenako n'kuika kanema wa guleyo patsamba la barangay. Gululi analiyambitsa amuna awo atamwalira, ndipo ndi lomwe limawadzutsa m'mawa.

Koma linayamba kutha. Manong Tiburcio, khansala amenenso amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ankalemba pansi pa kanema aliyense kuti: "Chivomerezi chayamba, gwirani mbale." Anzawo n'kumaseka. Amayi anayamba kudwala mawondo mmodzimmodzi.

Mankhwala a vutoli a Manang anawapeza m'gulu la pa intaneti la okonda oimba a ku Korea, momwe iwo ndiwo wamkulu pa onse. Atsikana a mmenemo amalemba DNI pamwamba pa masamba awo, kutanthauza kuti wakutiwakuti asayankhepo, asayandikire n'komwe. A Manang anasiya nthochi zikupserera, liwiro kwa Nening, mkazi wa a Tiburcio.

"Amwali, taona mpanda wopanda nsungwi. Ungolemba basi!"

Kanema wotsatira anatuluka ndi mutu wakuti: "Amuna a mimba zazikulu oseka anzawo, DNI." A Tiburcio anakadandaula ku khonsolo, ndipo chilengezo chija chinatuluka. Mlembi anachibweretsa yekha pachiwaya.

"Manang, lamulo likuti musatsekereze munthu."

"Ndatsekereza ndani, mwanawe? Chipata chili pululu. Alowe."

Analowadi, n'kulembanso za chivomerezi. Apa ndiye mafoni anayamba kulira makomo onse. Amayi a mawondo aja anachira nthawi yomweyo. Aliyense anawayankha ndi malembo atatu aja, wina pansi pa mnzake, mpaka sisitere wa kuparishi. Kenako panabwera chithunzi cha a khansala ali mtulo panjinga, malaya atapindira pamwamba pa mchombo. Anachiika ndi Nening.

Kutacha bwalo linadzaza moti anyamata a mpira anadikira kunja kwa waya. Nening anali mzere woyamba, thukuta kamukamu. A Manang ankafuula masitepe mpaka mawu kusasa.

Gule atatha a Tiburcio anaima pachiwaya, maso ali kumbali.

"Nthochi, Manang."

"Nthochi ilibe DNI, Manong. Khalani pansi, mimbayo ipume."

Chilengezo cha khonsolo chidakali pamwamba pa tsamba, ndi zidindo zake ziwiri. Pansi pake mlembi anatsekapo kuti pasalembedwe ndemanga.